Chinthu chija chinatsika mumtambo ku Kafue dzulo, alipo wina anachiona?

WaKafueRoad
Abale ndithandizeni ndisanayambe kudzikayikira ndekha. Dzulo cha m'ma 16 timachokera ku Mazabuka pa basi, titangokhota pa Turnpike kuyandikira buliji ya Kafue, kumanzere uko kumadambo kunali mtambo wakuda bii, kunsi kwake kosalala. Ndiye pakati pa mtambowo panatsika chinthu chotuwa, chachitali, kumwamba chonenepa kunsi chowonda ngati chitamba cha njovu, chopindika pang'ono. Pamene chimagunda pansi pamafuka zoyera, osati fumbi ayi chifukwa uko ndi kumadzi. Ife pamsewu kunalibe ngakhale dontho, kunja kuli zii. Mayi wina kumbuyo anayamba kupemphera mokweza, kondakitala akungoti musayang'ane musayang'ane iye maso ali komweko. Titawoloka buliji chinayamba kuwonda, chinaduka pakati, chakumwambacho n'kubwerera mumtambo, basi kwatha. Ndinajambula koma windo inali ya fumbi ndiye mu vidiyo mukungooneka chala changa ndi dazi la bambo amene anakhala kutsogolo kwanga. Alipo wina anaona? Nanga chimenechi n'chiyani kwenikweni?

Tomasi_Wokayika
Vidiyo ilibe kanthu ndiye nkhani ilibenso kanthu. Munamwa chani ku Mazabuka bakamba?

AmakeMapasa
Kkkkk musiyeni munthu afotokoze. Ine mlamu wanga wa ku Shimabala anandiimbira usiku ati kumwamba kunalendewera chingwe, ndinangoti wayamba zake.

Chawama_Boi
Utsi wa nzimbe uwo. Ku Nakambala amaotcha minda asanadule, utsi umakwera mowongoka ukakhala patali umaoneka zachilendo. Ine ndagwirako ganyu uko ndikudziwa.

WaKafueRoad
Boi utsi wa nzimbe ndimaudziwa, ndimadutsa msewu umenewu kawirikawiri. Utsi umachoka pansi n'kumafalikira mmwamba ndipo sumatha msanga. Ichi chimazungulira, ndipo chinabwerera mumtambo ndikuona ndi maso angawa.

MwanaWaMfumu
Masiku otsiriza awa. Zizindikiro kumwamba. Amene ali ndi makutu amve.

Madala_a_Katete
Ana inu, kamvuluvulu mwayamba kumudabwa lero? Kwathu mu Okutobala ukamachokera kudimba masana dzuwa lili paliwombo amangodzuka pabwalo, kunyamula makoko a chimanga, mapesi, nthenga za nkhuku, nthawi zina chitenje cha amayi pachingwe mpaka kukachikoleka mumtengo wa mango wa eni ake. Agogo athu ankatiletsa kulowamo, amati muli mfiti ikupita paulendo, ukalowamo ikutenga. Ife osamva tinkathamangira komweko dala, tinkangotulukamo maso ofiira ndi mchenga m'mano. Palibe anatengedwa.

Aphunzitsi_Chilenje
A Madala, ndi ulemu wonse, chimene afotokoza a WaKafueRoad si kamvuluvulu wa pabwalo uja, ngakhale ndi apachibale. Ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Kamvuluvulu wa mu Okutobala safuna mtambo. Amabwera kumwamba kuli mbee, dzuwa lawotcha nthaka youma, mpweya wa pansi penipeni watentha kuposa wa pamwamba pake ndiye umakwera mwachangu. Kamphepo kakangoukankha chammbali umayamba kupota, n'kunyamula fumbi. N'chifukwa chake mumamuona pa giraundi ya mpira, pa poloti yosamangidwa, kapena pa msewu wafumbi, ndipo sakhalitsa.

Cha dzulochi chinali cholumikizana ndi mtambo, ndipo pansi panali madzi. Azanyengo amachitcha waterspout. Chimachitika madzi akafunda, mpweya wapamwamba pake uli wachinyezi kwambiri, mphepo ili yofooka, ndiye pamwamba pali mtambo umene ukukula kumene, wakuda kunsi kosalala ngati mmene anenera. Mtambo ukamakula umakoka mpweya kuchokera pansi. Ngati pansipo pali timphepo tiwiri tokumana tochokera mbali zosiyana, mpweya wokwerawo umayamba kuzungulira, ndipo ukamakokedwa n'kumawonda umazungulira mwamphamvu kwambiri. Madambo a Kafue ndi aakulu zedi, kuyambira ku Itezhi-Tezhi mpaka kufupi ndi Kafue Gorge, madzi osaya amene amafunda msanga ndi dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala. Ndiye sindikudabwa kuti zachitikira kumeneko.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti chitamba chotuwacho si madzi a mumtsinje akukwera. Mkati mwa mpweya wozungulirawo mumazizira ndiye chinyezi chimasanduka timadontho, ndi mtambo womwewo basi wangotsika. Madzi enieni a mumtsinje ndi aja amafuka pansi aja, ndipo sakwera patali. Zambiri mwa izi sizipitirira mphindi 20. Mvula ikangoyamba mumtambomo mpweya wozizira umatsika n'kuchidula, n'chifukwa chake munaona chikuwonda n'kuduka pakati.

Chawama_Boi
Ba ticha mwalemba buku lonse. Mayeso ndi liti?

AmakeMapasa
Ndiye mukutanthauza kuti sichimamwa madzi? Ife tinakula tikudziwa kuti mtambo umatsika kukamwa kumtsinje kenako n'kukalavula ngati mvula.

Aphunzitsi_Chilenje
Amake Mapasa madzi amakweradi kuchokera m'mitsinje ndi m'nyanja, koma tsiku lililonse mwakachetechete ngati nthunzi, osaoneka. Akanakhala kuti amadikira chitamba chotere ndiye bwenzi mvula ikugwa kamodzi pa zaka khumi.

WaKuNyanja
Ine ndabadwira ku Nkhata Bay, ku Lusaka kuno ndinabwera ndi ntchito. Zimene akunena aphunzitsi pa nyanja ya Malawi timaziona nyengo ya mvula, nthawi zina ziwiri kapena zitatu pansi pa mtambo umodzi, asodzi akaona amapalasa kubwerera kumtunda osafunsana. Koma achimwene amene munaona dzulo, ndikufunseni, chimaoneka chotuwa kapena chabulauni ngati utsi? Chifukwa kwathu kuli chinthu china chimanamiza alendo kwambiri. Nkhungu. Ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka, mphutsi zake zimakhala pansi pa nyanja, ndiye nthawi yake ikakwana makamaka mwezi ukakhala mumdima zimakwera pamwamba pa madzi n'kuuluka zonse pamodzi. Ukaima pagombe umaona mizati yakuda itaima pakati pa nyanja mpaka kumwamba, mlendo amati sitima ikupsa. Mphepo ikazikankhira kumtunda azimayi amatuluka ndi malichero onyowetsa kumakupiza mmwamba, kenako kukanya, kukulunga m'masamba n'kuphika. Ndiwo imeneyo achimwene, musaseke.

Tomasi_Wokayika
Mumadya udzudzu?? Amalawi mwandi.

WaKuNyanja
Si udzudzu, saluma. Ndipo inu a ifishimu ndi inswa musatinene ife.

Madala_a_Katete
Apo wakugwira Tomasi, khala chete kkkk

WaKafueRoad
A WaKuNyanja chinali chotuwa, mtundu womwewo wa mtambo, ndipo m'mbali mwake munali mosalala bwino. Tizilombo sitingaime mwadongosolo choncho.

Siavonga_Kapenta
Ndimagula kapenta ku Siavonga kudzagulitsa ku Soweto. Anyamata a pa ma rig, mabwato aja ophera kapenta usiku, amakamba zinthu zotere, ati chikabwera pa Kariba umayamba kuona bwalo lakuda pamadzi, madzi akuchita ngati akuwira, usanaone n'komwe chochokera kumwamba. Iwo mantha awo enieni si chitambacho koma chimphepo chimene chimabwera ndi mitambo yomweyo usiku ali pakati pa nyanja malaiti ali oyaka. Koma akuluakulu a kumeneko ukawafunsa yankho ndi limodzi, Nyaminyami, njoka yaikulu ija amati ndi mwini mtsinje wa Zambezi.

Aphunzitsi_Chilenje
Bwalo lakuda pamadzi limene akunenalo ndi zoona, ndi mmene chimayambira. Anyamata amenewo amayang'anitsitsa.

MwanaWaMfumu
Nyaminyami ndi ziwanda, musamatchule pagulu pano.

Madala_a_Katete
Mwana wa Mfumu usathamange. Atonga a m'chigwa cha Zambezi anali ndi chifukwa chonenera. Pomanga damu ya Kariba madzi anasefukira moopsa mu 1957, n'kubwerezanso kuposa pamenepo mu 1958, kukokolola zimene azungu anamanga, iwo atanena kale kuti mwini mtsinje sadzalola. Ndipo anthu pafupifupi 57,000 anachotsedwa pamalo a makolo awo kuti nyanja ija ikhalepo. Munthu wotero ukamuuza kuti ndi nthunzi chabe akuyang'ana bwanji? Ine sindikuti njokayo ilipo. Ndikuti anthu akaona chinthu chachitali chopindika chikuyenda pamadzi, kuchitcha njoka si uchitsiru.

WaKuNyanja
Kwathu ndi Napolo. Amati amakhala pansi pa phiri, akafuna kusamukira kunyanja amang'amba phiri n'kudutsa ndi madzi, miyala, mitengo, chilichonse chili panjira yake. Ku Zomba anadutsa mu 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991 anthu ambiri anapita. Ndipo namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 matope atatsika phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, akuluakulu ambiri amangoti Napolo wadzuka. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muja, azakhali anga a ku Blantyre mpaka lero kukachita mdima wa mvula sagona m'nyumba mwawo.

AmakeMapasa
Pepani achimwene. Ija inali nkhani yoopsa, tinkaonera pa TV misozi ili m'maso.

Tomasi_Wokayika
Chabwino tinene kuti anaonadi. Ndiye ba ticha mukutiuza kuti ku Zambia kwayamba ma tornado ngati ku America? Chifukwa ine zimenezo ndimaziona m'mafilimu basi, ng'ombe zikuuluka.

Aphunzitsi_Chilenje
Tomasi pali mitundu iwiri. Wina ndi uja ndafotokoza, wofooka, wobwera kunja kuli bata, ukafika pamtunda umafa msanga. Ku Florida Keys ku America zotere zimaoneka mazanamazana pa chaka anthu mpaka anazolowera. Wina ndi tornado yeniyeni yobadwa mu chimvula cha mabingu, matalala ndi ziphaliwali, imene yangopezeka ikudutsa pamadzi. Imeneyo ndiye yoopsa. Poti a WaKafueRoad akuti kunali zii ndipo chinatha chokha, ndikuganiza kuti unali mtundu woyambawo.

Koma usaganize kuti tornado ndi ya ku America kokha. Ku South Africa zimachitika. Pa 3 Juni 2024 inadutsa ku Tongaat kufupi ndi Durban, nyumba zinaphwasuka anthu anafa, mavidiyo ake ali mbwee pa intaneti, poti iwe umakhulupirira vidiyo.

Chawama_Boi
Nanga zija amati kumagwa nsomba kuchokera kumwamba? Ngati n'zoona chibwere ku Chawama, ndiwo zadula.

Aphunzitsi_Chilenje
Zinachitikapo. Ku Lajamanu, kamudzi ka m'chipululu ku Australia, mu 2010 kunagwa tinsomba ting'onoting'ono ndi mvula, tina tili tamoyo. Ambiri amaganiza kuti ndi mphepo zozungulira zotere zimene zimatinyamula pamadzi osaya. Koma usatenge beseni kukadikira, bream ya ku Kafue siuluka.

AmakeMapasa
Inu mukuseka koma ine nkhawa yanga ndi denga. Ku Kanyama kuno chitamba sitinachione koma mvula yoyamba ya chaka chatha chimphepo chinabwera madzulo, tinangomva phokoso kenako kuwala m'nyumba, malata awiri a kuchipinda kwa ana apita. Tinakawapeza mawa lake kuseri kwa tchalitchi atapindika. Landilodi anabwera, kuyang'ana, n'kutumiza mnyamata kudzaika mabuloko ndi matayala pamwamba basi ati zatheka. Lendi sanachotseko olo ngwee. Ndiye chinthu ngati cha ku Kafuecho chitadutsa mu komboni muno mabuloko amenewa si agwera pamitu pathu?

Kalipentala_Garden
Amake Mapasa mwakhudza pamene pamandiwawa. Ndakhala chete kuyambira m'mawa koma apa ndilankhula. Mphepo siikankha denga kuchokera pamwamba, imalinyamula. Ikamadutsa mothamanga pamwamba pa malata imawakoka, ndiye ikapezanso polowera kunsi, pa khonde kapena pa windo losweka, imakankha kuchokera mkati. Imayambira pakona ndi m'mphepete. Lata limodzi likangotukuka, ena onse amatsatira.

Nyumba zambiri za lendi m'makomboni muno vuto si malata, ndi matabwa. Amangowagoneka pamwamba pa khoma n'kumata ndi simenti pang'ono. Ndiye olo mukhome misomali yambiri bwanji denga limachoka lonse pamodzi ndi matabwa ake. Chofunika ndi waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala chija, chizikike m'khoma mizere iwiri itatu ya mabuloko kutsika pansi, kapena mu lintala, n'kumanga thabwa lililonse. Misomali ikhale ya malata yeniyeni ya chipewa, yokhomedwa pamsana pa lata osati mu ngalande, ndipo m'mphepete muikhome pafupipafupi. Thabwa likafumbwa ndi chiswe msomali umangozuka ndi dzanja, pamenepo palibe za mfiti.

Za mabuloko pamwamba ndimakana. Pa kamphepo wamba amathandiza, koma pa chimphepo chenicheni lata limatukuka buloko n'kutsetsereka, ndipo pansi pamakhala mwana akuthawira m'nyumba. Ndinakonzapo nyumba ina buloko litaboola lata n'kugwera pa bedi, mwamwayi munalibe munthu.

Tomasi_Wokayika
Bakamba mwabwera kudzatsatsa bizinesi apa kkkk

Kalipentala_Garden
Sindinaike nambala. Funsa kalipentala aliyense wa kwanu akuuza zomwezi.

Mtendere_Sisi
Landilodi wathunso ndi yemweyo mtima wake. Ukamuuza za denga ati ngati simukufuna samukani anthu ali pa mzere. Ndipo ku Kanyama mavuto ndi awiri, pamwamba mphepo pansi madzi.

AmakeMapasa
Asisi musanene. Pansi pano ndi mwala wokhawokha, malo ndi athyathyathya, madzi alibe kopita. Ikagwa masiku awiri zimbudzi zadzaza zasefukira, ana akuyenda momwemo popita kusukulu. Mwaiwala kolera ya mu Januwale 2024 mpaka odwala kukagonekedwa ku Heroes Stadium? Ine mitambo yakuda ndikaiona ndimayamba kuwerenga ma klorini amene atsala.

Chawama_Boi
Koma ikapanda kugwanso ndi mavuto. Chaka chomwecho cha 2024 chilala, chimanga kupsa m'minda, a Hichilema mpaka kulengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, Kariba kuphwa, malaiti kumabwera usiku anthu tili mtulo. Ine barbershop inatsala pang'ono kutsekedwa. Ndiye ikabwera ndi chitamba ibwere, bola madzi alowe mu damu.

Admin_Gulu
Abale tabwererani pa mutu. Za lendi ndi malaiti zili ndi ulusi wake. Ndipo amene mwaika chithunzi cha tornado ili pafupi ndi Findeco House ndachichotsa, n'chopanga pa kompyuta.

Tomasi_Wokayika
Mwaona? N'chifukwa chake ine ndimakayika. Masiku ano aliyense akupanga zithunzi.

Mtendere_Sisi
Iwe vidiyo ikakhalapo ukuti yopanga, ikapanda kukhalapo ukuti bodza. Ukufuna chikunyamule kuti ukhulupirire?

Madala_a_Katete
Aphunzitsi ndili ndi funso lina. Mdzukulu wanga akuti kuno kummwera kwa dziko lapansi zinthu zotere zimazungulira mbali imodzi yokha, kumpoto mbali ina. Koma ine akamvuluvulu a kwathu ndawaona akuzungulira uku ndi uku.

Aphunzitsi_Chilenje
Nonse awiri mukunena zoona a Madala. Lamulo la mdzukulu wanulo limagwira pa anamondwe akuluakulu ngati Freddy kapena Idai wa mu 2019, otambalala makilomita mazanamazana. Amenewo kuno kummwera amazungulira motsata mmene imayendera wotchi, chifukwa cha kuzungulira kwa dziko. Koma kamvuluvulu wa pabwalo ndi wamng'ono kwambiri, kuzungulira kwa dziko sikumukhudza, amangotengera mbali imene kamphepo kamukankhira.

Ndipo a WaKafueRoad, vidiyo yanuyo olo ili ndi dazi la munthu musaifufute. A Zambia Meteorological Department zinthu zotere sangazione pa zipangizo zawo nthawi zonse chifukwa n'zazing'ono ndipo zimatha msanga, amadalira anthu amene anaona. Nthawi ndi malo mukuzidziwa, auzeni.

MwanaWaMfumu
Fotokozani mmene mungafotokozere koma amene amatuma mphepo ndi mmodzi.

Madala_a_Katete
Palibe wakutsutsa mwanawe. Koma denga umange ndi waya.

WaKafueRoad
Ndabweranso. Ndaimbira mayi wina amene ndimagulako nsomba pa Kafue, ati asodzi anachionadi ndipo nkhani yake ndi yomweyo pa doko kuyambira dzulo. Ati chinadutsa m'mabango n'kuwagoneka mozungulira, bwato limodzi lomwe linali lokocheza linagubuduzika, maukonde amene anayanika anakapezeka atakoledwa patali. Munthu palibe wavulala. Mnyamata wina amene anali pafupi ati chimalira ngati mvula ikubwera pa malata koma iye osanyowa kwenikweni, kungowazidwa basi. Ndiye Tomasi sindinamwe kanthu.

Tomasi_Wokayika
Mayi wa nsomba ndi mboni manje? Chabwino ndavomera theka.

Siavonga_Kapenta
Theka linalo ubwere nalo ku Siavonga mu Disembala ukagone pa rig usiku umodzi.

AmakeMapasa
A Kalipentala, waya mukunenayo angalowe pa nyumba yomanga kale osagwetsa khoma? Ndikufuna ndikamuuze landilodi zinthu zomveka, asandizungulitse.

Kalipentala_Garden
Angalowe amayi. Timaboola khoma pansi pa mzere wachiwiri kapena wachitatu wa mabuloko, kulowetsa waya, kumukweza mbali zonse ziwiri n'kupotera pa thabwa, kenako kumata mabowo. Zipinda ziwiri ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma yambani mwakwera pa mpando mubaye matabwawo ndi sikuludiraiva, ikalowa mosavuta ndiye kuti chiswe chinadya kale, pamenepo auzeni agule matabwa kaye.